Mzinda wa oyenda pansi, mapulani a okwera galimoto

Aliyense amene anasankhapo kaunjika ku Tsoka akuidziwa milatho ija ya pa mtsinje wa Lilongwe. Ya mitengo ndi matabwa, yogwedera ukapondapo, ndipo kumapeto kwake mnyamata akudikira kuti umupatse kangachepe. Dzinja likakula madzi amaikokolola, eni ake n'kudzaikhomanso madzi akaphwera. Palibe injiniya anaijambula, palibe ofesi inaidindira chidindo. Koma taonani pamene inakhomedwa: pamalo penipeni pomwe anthu amafuna kuwolokera. Anyamata aja anaona zimene mapulani a likulu la dziko sanazione kwa zaka zambirimbiri, zoti mayi wosenza dengu la tomato sangakazungulire ku mlatho wa magalimoto pamene msika akuuona patsidya pomwepa.

Milatho imeneyi imandibwerera m'mutu ndikamva anthu akukamba zoti ntchito zomanga mizinda zitsekulidwe kuti alowemo amayi, anthu aulumali, ana a osauka ndi ena amene akhala akungosuzumira pazenera. Ndikunena ntchito za ojambula mapulani a nyumba, oyeza malo, mainjiniya, owerengetsera mitengo ya zomangira, okonza dongosolo la mizinda, makontirakitala, ndi aja ogula malo aakulu n'kumangapo nyumba zogulitsa kapena zalendi. Ambiri nkhaniyi amaitenga ngati ya mabungwe, ya misonkhano ya kunyanja komwe anthu amakasainira alawansi n'kubwerako ndi tisheti. Kwa ine ndi nkhani ya ngalande, mpopi ndi masitepe. Mzinda umatengera amene anaujambula, ndipo mizinda yathu inajambulidwa ndi anthu amene sayenda pansi, satunga madzi, ndiponso sanagonepo m'nyumba ya chipinda chimodzi pamalo pomwe chimbudzi n'cha mabanja khumi.

Za Lilongwe sitichita kulota, mbiri yake ilipo. Kamuzu atafuna kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, Angerezi anakana kuikapo ndalama. Amene anavomera ndi boma la tsankho la South Africa, lomwe linabwereketsa marandi 8 miliyoni, ndipo pulani yoyamba, ya mu 1968, inalembedwa ndi akatswiri awiri ochokera komweko, Gerke ndi Viljoen. Chaka chomwecho kunabadwa Capital City Development Corporation yoti imange mzindawo, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Sindikuti azibambo amenewa anabwera ndi njiru mumtima. Anajambula mzinda umene ankaudziwa kwawo: maofesi a boma paphiri, mabwana pafupi ndi maofesiwo m'mapuloti aakulu a mitengo ya mthunzi, nkhalango pakati, wantchito wamba kutali komwe phokoso lake silingamveke. Mtunda wa pakati pa City Centre ndi Old Town anauyeza ndi maso a munthu wogwira chiwongolero.

Wantchito uja sanavomere kukhala kutali. Anamanga pafupi ndi ganyu. N'chifukwa chake Mtandire wayang'anizana ndi Area 47, mtsinje wa Lingadzi wokha pakati, ndipo Mgona watsamira mafakitale a ku Kanengo. Mlonda, wa m'dimba la maluwa ndi wolera ana amawoloka m'mamawa kukatumikira mzinda wa pa pepala, madzulo n'kubwerera ku mzinda umene pa pepalapo palibe. Ku Blantyre, Ndirande inakula chomwecho kale m'nthawi ya atsamunda, pamene munthu wakuda ankafunika m'tauni masana okha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre, ndipo UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za mizinda, inalemba mu 2011 kuti mu Lilongwe anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse amakhala m'madera osakonzedwa ngati amenewa. Ndiye tikamati "madera osakonzedwa" tikutchula mzinda weniweniwo. Wokonzedwawo ndiye kachibenthu chabe.

Wina anena kuti zimenezo n'zamakedzana, lero m'maofesi a mapulani muli Amalawi okhaokha. Zoona, khungu linasintha. Koma tatsatani njira imene munthu amadutsa kuti akalowe m'maofesi amenewo. Kuti mwana akaphunzire zojambula nyumba kapena uinjiniya ku MUBAS, imene ambirife tikuitchabe Poly, kapena za malo ku Mzuni, ayenera kukhoza bwino masamu ndi sayansi pa MSCE. Ana ambiri a sekondale m'dziko muno ali ku CDSS, ndipo CDSS zambiri labotale zimangoimva m'buku. Mtsikana wa ku Chinsapo amene amadzuka 4 koloko kukaika chigubu pamzere pa kiyosiki asanapite kusukulu akupikisana ndi mnzake wa sukulu yogonera komweko, komwe kuli magetsi, laibulale ndi mphunzitsi wa fizikisi amene anaphunziradi fizikisi. Wopambana mukumudziwa kale. Choncho kalasi imene imatuluka ndi digiri imadzaza ndi ana a m'mipanda, anyamata kuchuluka kuposa atsikana, ndipo woyenda pa chikuku kapena wosamva n'ngochita kufunafuna.

Digiriyo ikatheka, ulendo ukadalipo. Wojambula nyumba kapena woyeza malo salembetsedwa tsiku lomwe wavula gauni. Amayenera kugwira kaye pansi pa katswiri wolembetsedwa kale. Makampani otere ndi owerengeka, ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo wophunzira amamutenga pa malipiro ongokwana minibasi. Angapirire zaka zimenezo ndani? Amene ali ndi azakhali ku Area 18 omusunga, ndiponso amalume odziwana ndi mwini kampani. Enawo amakaphunzitsa ku sekondale ya pulaiveti kapena kuyamba geni, luso lija n'kuchita dzimbiri. Palibe amene anawathamangitsa. Anangotopa ndi njala.

Pitani pa saiti iliyonse pomwe akumanga. Amayi alipo, ambiri ndithu. Ndi amene akutunga madzi, malipiro powerenga zidebe. Ndi amene akhala m'mbali mwa msewu ndi hamala kuswa miyala ya konkire, mwana ali kumbuyo. Nyumba zosanja zimene timanyadira zinamwa madzi osenzedwa pamitu ya akazi. Koma mayi akafika pa saiti yomweyo atavala chisoti, mapepala ali m'manja, folomani amayang'ana kumbuyo kwake kuti aone ngati abwana akubwera. Mainjiniya aakazi amasimba zimenezi akuseka, kuseka kwa munthu wotopa. Ena amasimba zoipa kuposa apa, za ganyu yopezeka pokhapokha utamwetulira woyenera kumumwetulira, ngakhale kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 linaletsa nkhanza zotere pantchito. Lamulo lomwelo limati polemba ntchito m'boma, amuna kapena akazi asapose 60 pa 100 alionse, ndipo asachepere 40. Ndikanakonda khonsolo iliyonse itapachika pa bolodi mayina a ogwira ntchito mu dipatimenti yake ya mapulani ndi ya uinjiniya, tiwerenge tokha ndi chala.

Tsono timataya chiyani? Ndinaperekezapo m'bale wanga woyenda pa chikuku ku ofesi ina yatsopano, penti ikununkhirabe. Njira ya chikuku inalipo, poti lamulo likufuna. Koma inali yoima ngati chulu, moti tinachita kumukankha awiri, ndipo titafika pamwamba tinapeza mphika waukulu wa maluwa utatsekapo. Wojambulayo lamulo analikwaniritsa. Kungoti sanakhalepo pa chikuku, ndipo tsiku lovomereza pulaniyo m'chipindamo munalibe wokhala pa chikuku. Kalembera wa 2018 yemweyo anati anthu 10 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake. Lamulo loteteza anthu aulumali tinali nalo kuyambira 2012, lina latsopano linabwera mu 2024, a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ayankhula mpaka mawu kusasa. Koma ngalande za m'mbali mwa misewu yathu zikadali kukamwa yasa, kudikira munthu wosaona. Kufunsa anthu aulumali maganizo pulani itatha kale n'kosiyana kutali ndi kukhala ndi katswiri waulumali amene pensulo ili m'manja mwake.

Zina n'zazing'ono mpaka kuchititsa manyazi. Kiyosiki ya madzi ikamangidwa kutsidya kwa msewu wa malole, dziwani kuti wosankha malowo sanatumepo mwana kukatunga. Msika ukakhala ndi zimbudzi zofanana za amuna ndi akazi pomwe ogulitsa ambiri ndi akazi, wojambulayo sanaimepo pamzere ndi mwana wotsekula m'mimba. Mu 2006 boma linachotsa mavenda m'misewu pa Operation Dongosolo n'kuwalozera misika. Anabwerera, n'kuthamangitsidwanso, n'kubwereranso, ndipo masewero a mphaka ndi khoswe amenewa sanathe. Timati n'ngosamva. Komatu venda amagulitsa pamene phazi likudutsa. Mwana wa venda akanakhala wojambula, msika akanauika pomwe anthu amatsikira minibasi, chifukwa anakula akuona mayi ake akubwerako ndi mandasi osagulidwa tsiku limene anawakhazika kuseri.

Chimene chimandiwawa n'chakuti akatswiri amene tikuwasowawo alipo kale, kungoti alibe pepala. Mu 2003 amayi a ku Mtandire anayamba kusonkha timakobidi tsiku ndi tsiku, gulu lawo n'kukula kukhala Malawi Homeless People's Federation, lomwe pano limatchedwa Federation of the Rural and Urban Poor, mothandizana ndi bungwe la CCODE. Thumba lawo analitcha Mchenga, dzina loyenera ndithu, poti kamchenga kamodzi si kanthu koma wambiri umaimika khoma. Anakambirana ndi makhonsolo mpaka anapatsidwa malo ku Area 49 ku Lilongwe ndi ku Angelo Goveya ku Blantyre, n'kumanga nyumba mazanamazana ndi zidina, pa mtengo umene kontirakitala wa tayi sakanaulota. Anaphunzira kuwerenga nyumba ndi anthu m'madera mwawo, kujambula mapu oonetsa pamene pali mpopi, pamene pali chimbudzi, pamene madzi amasefukira. Cha m'ma 2012 ophunzira a ku Poly anakagwira nawo ntchito ku Nancholi, a ku Mzuni ku Salisbury Lines, ndipo kumeneko mphunzitsi weniweni anali mayi wa chitenje wodziwa nyumba imene imalowa madzi chaka ndi chaka. Koma m'malipoti amayi amenewa amalembedwa kuti "opindula". Wophunzira amene anawagwirira tepi ndiye lero akutchedwa katswiri.

TEVETA ili ndi njira yoyesera munthu amene anaphunzira ntchito pamanja n'kumupatsa satifiketi. Bwanji njira yotere isafike kwa owerenga nyumba ndi ojambula mapu a m'madera, kuti khonsolo iziwalemba ntchito ya malipiro a pamwezi, m'malo mowaitana kudzavina nduna ikabwera?

Kumbali ya ndalama nyimbo ndi yomweyo. Tikamati omanga nyumba timaganiza za Malawi Housing Corporation, yomwe ilipo kuyambira 1964, za kampani yobwereketsa maofesi ndi mashopu ya MPICO, za ndalama za penshoni zomangira mashopu aakulu. Koma amene wagoneka anthu ambiri m'tauni ndi mayi wa mdadada wa zipinda ku Ndirande kapena ku Kawale, amene anamanga chipinda chimodzi ndi ndalama za banki nkhonde, lendi yake n'kumangira chachiwiri, chomwecho mpaka mdadada kukwana. Ameneyo bizinesi ya nyumba akuidziwa kuposa ambiri a ife: amadziwa lendi imene mlonda angakwanitse, ndi mwezi umene alendi amayamba kuzemba. Akapita ku banki amamufunsa chikalata cha umwini wa malo, pomwe iye ali ndi kapepala ka amfumu. Ngakhale akanakhala nacho, mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti, mabanki n'kuikanso chawo pamwamba. Kwacha inali itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata n'kuthawa osayang'ana m'mbuyo. Pa mitengo yotere amamanga ndi amene ali nazo kale. Ndipo bambo wa pakhomopo akamwalira, mdadada uja achibale amayamba kuuyang'ana ndi diso lina, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti kulanda ndi mlandu.

Mnzanga wina, injiniya, amanditsutsa motere: simenti sidziwa ngati wasakaniza ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo nsanamira ikachepa zitsulo imagwa ngakhale woijambula achokere ku Mbayani. Akunena zoona, ndipo ine sindikupempha kuti mayeso afewetsedwe. Nyumba ikagwa imaphwanya osauka omwewo. Chimene ndimamuyankha n'chakuti luso lomanga mzinda silithera pa zitsulo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, tonse tinakumbuka kuti madzi saiwala khwawa, ndipo ambiri anafunsa kuti kodi anthuwo ankatani m'phiri. Wofunsa funso limenelo ndi munthu amene sanasakepo puloti ali ndi malipiro a mlonda. Anthu anakwera phiri chifukwa kumunsi kunalibe malo a mtengo wawo, ndipo ukawasamutsira kutali ndi ganyu amabwerera matope asanaume. Injiniya amadziwa kuti phiri ligumuka. Wokulira ku Chilobwe amadziwa chifukwa chimene anthu sachokera. Blantyre ikufuna munthu wodziwa zonse ziwiri, ndipo n'kosavuta kuphunzitsa mwana wa ku Chilobwe uinjiniya kusiyana n'kuphunzitsa injiniya umphawi.

Pali kutsutsa kwina kumene kumandiopsa kwambiri, chifukwa n'koona. Lamulo logulira katundu wa boma la 2017 linati 60 pa 100 ya makontirakiti a m'dziko muno izipita kwa mbadwa zakuda za dziko lino. Cholinga chabwino. Koma tonse tikuwadziwa malonda obwereketsa dzina: kampani yolembedwa m'dzina la mkazi pomwe wosaina macheke ndi mwamuna, kapena ya "wachinyamata" amene ndi mwana wa wamkulu wina kuchipani. Mukangoti tikufuna mayina a akazi pa pepala, ochenjera mayinawo amabwera nawo. Ndipo mayi mmodzi m'komiti ya amuna khumi amathera kutsegula ndi pemphero ndi kulemba maminitsi.

Tinapsanso kale ndi kota ya kuyunivesite, yowerenga ana potengera boma lochokera, yomwe inadanitsa anthu mpaka inathetsedwa mu 2020. Sindikufuna ibwerere itavala malaya ena. Chimene chinkandinyansa pa kota ija n'chakuti mwana wa bwana wokulira ku Area 10 ankatha kuwerengedwa ngati wa ku Nsanje poti agogo ake ali kumeneko, n'kutenga malo a mwana weniweni wa ku Nsanje. Funso lothandiza n'lakuti mwanayu waphunzira sukulu yotani, wakulira m'nyumba yotani. Ndivomerenso kuti si mwana aliyense wa ku Mtandire amene akakwera amakumbukira kwawo. Ena ndi amene amalamula chigalimoto chogwetsa nyumba mwaukali kuposa onse, kuopa kukumbutsidwa kumene anachokera. Mmodzi ndi wosavuta kumumeza. Akakhala asanu amayang'anana.

Chodabwitsa n'chakuti kumudzi, komwe a m'tauni timati n'kotsalira, lamulo linapita kale patsogolo. Customary Land Act ya 2016 imati komiti yoona za malo, yotsogozedwa ndi agulupu, ikhale ndi anthu 6 osankhidwa, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Ngati mayi wa kumudzi angagamule za malire a munda, komiti yovomereza mapulani m'tauni ingalephere bwanji kukhala ndi mpando wa Federation, wa FEDOMA, wa mavenda ndi wa akabaza? Ndikunena mipando ya voti, chifukwa ya kuwomba m'manja ilipo kale yambiri. Mapulaniwo azifotokozedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, pabwalo la sukulu Loweruka, popeza opachikidwa m'Chingerezi ku ofesi ya khonsolo nthawi imene aliyense ali ku ganyu amawerengedwa ndi madobadoba okha. Ndipo kampani iliyonse yopata kontirakiti ya boma, kaya ya msewu kaya ya chipatala, izitenga ophunzira pa malipiro oti munthu n'kulipira lendi, chiwerengero chawo ndi sukulu zimene anachokera n'kulembedwa pa chikwangwani chija amalembapo dzina la kontirakitala ndi la wopereka ndalama. Odutsa aziwerenga okha kuti a CDSS ndi angati, atsikana ndi angati.

Pulani yaikulu ya Lilongwe imene inakonzedwa mu 2010 mothandizidwa ndi a JICA a ku Japan inayang'ana kufika 2030. Wina adzakhala pansi kulemba yotsatira, ya mzinda umene udzakhale utapitirira kutali anthu miliyoni imodzi. Digiri imatenga zaka zinayi kapena zisanu, kulembetsa zina pamwamba pake. Ndiye kuti mtsikana wa ku Chinsapo uja, ngati n'kotheka kuti adzagwire nawo pensulo tsiku limenelo, sanayenere kukhala pamzere wa madzi m'mawa uno. Koma ali pomwepo, chigubu chachikasu patsogolo pake, buku la masamu kukhwapa, ndipo pa mpopi madzi sanayambe kutuluka.